Mwana wanga ali kalasi 4 koma kuwerenga kukukanika, ndilowere kuti?

Make Yami (Ulongwe): Bon diya a gulu. Ndakhala ndikungowerenga zanu chamumtima koma lero ndati ndilembeko mwina alipo anakumanapo nazo. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 10, ali kalasi 4, koma kuwerenga sakutha ndithu. Sindikunena zoti amawerenga mochedwa ayi, ndikunena kuti mukamupatsa kaderno (kope) yomwe walemba yekha dzulo amangoyiyang'ana ngati analemba ndi munthu wina. Chondizunguza mutu nchakuti mwana yemweyu akakhala nane pa msika ndikugulitsa mbatatesi troko (chenji) sasokoneza, mwina ine ndi amene ndimalakwitsa iye nkundikonza, magalimoto a mawaya amapanga mpaka anzake kumagula. Ndinamulipirira esplikasau (maphunziro apadera olipira) miyezi 5 kwa mnyamata wina kuno, mametikali 400 pa mwezi, palibe chasintha, makaderno awiri adzadza koma mwana ali pomwepo. Nde ndikufunsa, m'chigawo chathu chino cha Tete alipo munthu amene anaphunzira zothandiza ana ngati awa? Ndipo ngati alipo nthawi yake mumaipeza bwanji poti iye amalowa masana ine m'mawa ndili ku msika

Bambo a Chiko (Furancungo): Mayi ana a masiku ano ndi ulesi basi. Mulandeni foni ndi mawayawo, akakana kakwapu pang'ono. Ife tinaphunzira choncho ndipo tikuwerenga

Make Yami (Ulongwe): Foni alibe bambo. Zokwapula abambo ake anayesa chaka chatha, mapeto ake mwana anayamba kubisa kaderno mu khola la mbuzi, tinaipeza itanyowa mbuzi zitadyako ngodya. Ku sukulu nakonso wina anamutchula bulu pamaso pa anzake, dzinalo linamumatirira mpaka lero ana a pa mudzi amamuitana choncho. Sindikufunanso njira imeneyo

NaJere (Chingodzi): Iii mana nkhani yanu yandikhudza. Wanga wamkazi zinali choncho ndili ku Domwe, koma iye vuto linali Chiputukezi, kunyumba timayankhula Chinyanja chokhachokha nde akafika ku sukulu zonse zimangomudutsa. Titasamukira kuno ku mzinda atayamba kusewera ndi ana oyankhula Chiputukezi zinatseguka zokha. Mwina wanunso ndi zomwezo?

Aphunzitsi a ku Tsangano: Ndalowa mochedwa, network kuno imafuna kukwera pa chulu. Mayi a Yami pepani ndi zimene mukudutsamo. Ine ndaphunzitsa makalasi oyamba zaka 14 ndipo ana osawerenga ndimawaona mitundu itatu, onse amaoneka chimodzimodzi pa pauta (pepala la zotsatira za mayeso) koma mankhwala awo ndi osiyana. Alipo amene sanaphunzitsidwe kwenikweni, turma (kalasi) ya ana 70 kapena 80, mwana wakhala kumbuyo, nthawi ya dzinja wajomba mwezi wathunthu chifukwa mtsinje wadzadza, ndipo poti mkati mwa siklo (gawo la makalasi angapo otsatizana) ana amangokwera, amafika kalasi 3 palibe anamukhalira pansi. Alipo a chilankhulo ngati amene anena NaJere. Ndiye alipo ochepa amene anaphunzitsidwa bwinobwino, anzawo a pa benchi imodzi akuwerenga, iwo ayi, chifukwa mutu wawo umavutika kulumikiza liwu limene khutu lamva ndi chilembo chimene diso laona. Musanawononge ndalama ya shapa (minibasi) yesani izi kunyumba, mu Chinyanja, popanda buku kapena cholembera, ngati masewera chabe. Muuzeni anene "chimanga", kenako anenenso koma achotse "chi". Ayenera kunena "manga". Kalulu achotse "ka". Mufunseni pa moto, mowa, nyama, ndi liti likuyamba mosiyana ndi anzake. Awombe m'manja pa dzina lake, Ya-mi-ka-ni, kanayi. Mwana wa zaka 10 amene vuto lake ndi Chiputukezi chokha izi amaseka nazo. Kenako mulembereni mawu opanda tanthauzo, monga "lupe" kapena "tamo", kuti tione ngati akuwerengadi kapena amangoloweza tsamba poona chithunzi, chifukwa ana ochenjera amatinamiza kwambiri ndi kuloweza. Mutiuze zimene muone

Mano Jo (Moatize): kkkk aphunzitsi ine ndayesa kuchotsa chi pa chimanga ndakhoza, ndipatseni diploma

Aphunzitsi a ku Tsangano: Diploma mukatenge kwa amfumu kkk. Chinanso ndisanaiwale, mwana akalemba "lato" m'malo mwa "rato" musathamange kunena kuti ali ndi vuto, ife a Chinyanja r ndi l timazisakaniza tonse ngakhale akuluakulu a mataye. Kutembenuza b ndi d nakonso ana ambiri a zaka 6, 7 amachita kenako zimatha. Zikapitirira mpaka zaka 9, 10 pamodzi ndi zinazo mpamene timatchera khutu

Make Yami (Ulongwe): b ndi d ndiye ndi nkhondo ya tsiku ndi tsiku. Tsiku lina ndinamuuza alembe bala analemba dala, ndinaganizadi kuti akuchita dala. Ndiyesa madzulo ano ndikaweruka

Anamwino (Moatize): Ndionjezepo za mbali yathu. Musanapite kutali yambani ndi makutu ndi maso. Ana ambiri amene anatulukapo mafinya m'khutu ali aang'ono amamva mwa theka ndipo makolo sadziwa chifukwa mwanayo amayankha mukamuitana mokweza. Muimeni kumbuyo kwake munene mawu motsitsa, khutu lina mutatseka, kenako linalo. Maso nawo, kodi amafinya maso akamaona pa bolodi, mutu umamupweteka akaweruka? Mundiuzenso ngati anadwalapo malungo aakulu aja okomoka nawo, kapena ngati amakhala ngati wachoka kwa kamphindi ali maso, poti khunyu lina siligwetsa munthu pansi. Izi zonse mukazinene ku chipatala cha kwanuko, akaona kuti nzofunika akupatsani giya (kalata yokutumizani) yopita ku chipatala chachikulu ku Tete. Koma ndinene poyera, magalasi amathandiza mwana amene saona bwino basi, sachiza vuto la kuwerenga, ndipo palibe piritsi kapena mankhwala a m'botolo a zimenezi, wina akakugulitsani wakuberani

Agogo a Mvano (Lifidzi): Mwana wanga osaiwala pemphero. Zinthu zina ndi anthu, mwana wanzeru chonchi kungotsekeka pa buku pokha?

Make Yami (Ulongwe): Agogo kupemphera tikupemphera, ndipo apongozi anga ananena zomwezo mpaka kufuna kumutengera kwina, atsibweni ake ndi amene anakana. Koma ine ndikufuna ndiyambe ndaona zimene anena aphunzitsi ndi anamwino

Agogo a Mvano (Lifidzi): Chitani zonse ziwiri, sizilimbana

Make Yami (Ulongwe): A gulu ndabwera ndi zotsatira. Dzulo tikusenda mbatatesi ndinayamba ngati nthabwala. Kuwomba m'manja pa dzina lake wakhoza. Pa chimanga ndiye eee, ndati chotsa chi, wakhala chete nthawi yaitali kenako akuti "chimanga chopanda chi ndi chitsononkho", ndaseka mpaka misozi koma mumtima mukuwawa. Nditamufotokozera bwino wanena "chima". Kalulu wanena "kalu". Pa moto mowa nyama wasankha mowa akuti chifukwa ana samwa. Mchemwali wake wa zaka 7 anali pambali akungoyankha zonse msangamsanga mpaka ndinamuthamangitsa poona kuti mnyamata wayamba kugwetsa nkhope. Lupe wawerenga "lero". Makutu ndayesa ngati mmene munanenera anamwino akumva bwino mbali zonse, malungo okomoka sanadwalepo

Aphunzitsi a ku Tsangano: Yankho la chitsononkho likukuuzani kuti nzeru zilipo zambiri. Ine si dotolo ndipo pa foni sindinganene kuti ndi chakuti, koma zimene mwafotokozazi zikufanana ndi chimene m'mabuku amati dislexia. Si matenda opatsirana, si misala, si ulesi, mwana amabadwa nacho ndipo kawirikawiri chimayenda m'banja. Sichichoka ngati chimfine koma mwana amaphunzira kuwerenga akaphunzitsidwa mwa njira yake. Tsono apa mpamene esplikasau wamba amagwera, chifukwa mnyamata uja ankangomupatsa zokopera, ndipo kukopera mwana wotere amatha bwino kwambiri ngati kujambula maluwa, osadziwa chimene akujambula. Njira yake ndi kubwerera pansi penipeni opanda manyazi. Liwu limodzi, chilembo chimodzi, achinene, achimve, achilembe ndi chala pa mchenga kapena pa ufa mu lichero uku akutchula. a e i o u zikakhazikika mutenge m, mupange ma me mi mo mu, kenako l, kenako t, mawu oyamba akhale opangidwa ndi zokhazo zimene wadziwa, monga mutu, lata, tuma. Osalumpha, osaonjeza chatsopano chakale chisanagwire, ndipo tsiku lililonse kuyamba ndi kubwereza za dzulo. b muphunzitseni sabata ino, d adikire ngakhale mwezi, zisakumane msanga. mb, nd, nkh, ng' zibwere kumapeto. Njira imeneyi si yanga, ku America kunali dotolo Samuel Orton ndi mphunzitsi Anna Gillingham amene anaikonza m'zaka za m'ma 1930, ya kuona, kumva ndi kugwira nthawi imodzi, ife timangoisinthira ku zimene tili nazo. Ine ndimagwiritsa zitsekerero za mabotolo, chilichonse ndalembapo silaba imodzi ndi maka, mwana amazisuntha yekha, "ma" ndi "la" apange mala, atembenuze apange lama. Kwa mwana wopanga magalimoto a mawaya izi zimamukomera chifukwa manja ali pa ntchito

NaJere (Chingodzi): Koma aphunzitsi mayeso a kalasi 6 ndi a Chiputukezi, kumuyambitsa Chinyanja si kumubweza m'mbuyo?

Aphunzitsi a ku Tsangano: Funso limeneli makolo amatifunsa chaka chilichonse ku ma turma a bilingue, ophunzitsa m'zilankhulo ziwiri. Onani mana, Chinyanja chimawerengedwa mmene chalembedwera, "ka" ndi ka kulikonse. Chiputukezi tengani x yekha, mu peixe akumveka mwina, mu exame mwina, mu táxi mwina, mu próximo mwinanso, kanayi chilembo chimodzi. s wa mu casa akumveka ngati z. Onjezani nh, lh, ç, ão. Mwana amene akulimbana kale ndi kumva maliwu mukamuponya mmenemo, m'chilankhulo chimene sachimvanso bwino, mwamusenzetsa mitolo iwiri. Akagwira chinsinsi choti zilembo zimaimira maliwu m'chilankhulo cha kunyumba, chinsinsicho amapita nacho ku Chiputukezi, sayambanso pa ziro. Nchifukwa chake boma linayambitsa bilingue mu 2003 ndipo Chinyanja chili m'gulumo. Chiputukezi musachisiye, muzimuyankhulitsa ndi kumuwerengera mokweza kuti mawu azichuluka m'mutu, koma zitsekerero ziyambe ndi Chinyanja

Mano Jo (Moatize): Ndasiya nthabwala. Ine amene mukundiona ndikulemba pano ndinasiya sukulu kalasi 5 chifukwa cha zomwezi, ndinkathawa tsiku la kuwerenga mokweza ndikukabisala ku dimba. Injini ndimaimasula yonse ndikuibwezera koma karta ya galimoto ndinalephera kawiri pa zolemba. Ndinaphunzira kuwerenga ndili ndi zaka 23, mkazi wanga ndi amene anandikhalira pansi ndi buku la nyimbo la ku tchalitchi poti nyimbozo ndinkazidziwa kale pamtima. Mpaka lero uthenga wautali ngati wa aphunzitsiwu ndimawerenga kawiri. Mwana wanga wachiwiri ndikumuona akuyenda momwemo nde ndikutsatira nkhaniyi mwachidwi. Mayi a Yami funsani abambo ake bwinobwino, mwina mkwiyo uja unali wa china

Make Yami (Ulongwe): Mano mwandilasa. Abambo ake makalata onse a ku fodya amandipatsa ine kuti ndiwawerengere amati maso akuwawa. Zaka 13 tili limodzi sindinaganizepo

Bambo a Chiko (Furancungo): Apa ndiye ndabweza mawu anga aja. Koma funso la mayiwa silinayankhidwe, apite kuti?

NaJere (Chingodzi): Kuno ku Tete kuli CREI, Centro de Recursos de Educação Inclusiva, malo a boma othandiza maphunziro a ana olumala ndi ofuna thandizo lapadera. M'dziko muno la Mozambique alipo atatu okha, wina ku Macia ku Gaza, wina ku Nampula, wathu uno ndi wa chigawo chonse chapakati. Anthu ambiri amaganiza kuti ndi kwa ana osaona ndi osamva okha koma nkhani za ana ovutika kuphunzira ndi zawonso, ndi kumene kuli anthu amene anaphunzira zoyeza mwana ndi kulangiza aphunzitsi ake

Aphunzitsi a ku Tsangano: Zoona. Koma musangokwera shapa ndi mwana, Ulongwe mpaka Tete ndi makilomita oposa 200, mukafike nkupeza munthu wake wapita ku seminale. Yambani ndi mphunzitsi wa turma, mupite naye kwa a pedagojiko (achiwiri kwa ahedi, oona za kaphunzitsidwe) a pa sukulu, muwapemphe akulembereni kalata yofotokoza zimene iwo akuona m'kalasi. Kalatayo mupite nayo ku ofesi ya maphunziro ya distritu, SDEJT, mufunse amene amaona za educação inclusiva (maphunziro ophatikiza ana onse), iwowo ndi amene angakulumikizeni ndi ku Tete nkukuuzani tsiku. Potenga katundu musaiwale makaderno ake enieni, ngakhale ija inadyedwa ndi mbuzi, mapauta a zaka zonse, sedula (chikalata cha kubadwa), ndi kadi ya ku sikelo ngati ikadalipo. Ndipo musachite manyazi ngati mukupempha chifundo, ndondomeko ya boma ya 2020 mpaka 2029 ikunena kuti ana otere aphunzire pamodzi ndi anzawo ndi kuthandizidwa. Pa sukulupo pemphani zinthu zazing'ono zosafuna ndalama, akhale kutsogolo, asamamuimiritse kuwerenga mokweza modzidzimutsa, pa mayeso a m'kalasi amuwerengere funso ndi kumupatsa nthawi yoonjezera

Anamwino (Moatize): Mbali ya chipatala mungafunsenso za psikologo (katswiri wa za maganizo), kapena a terapia da fala (othandiza za kayankhulidwe), amene amaphunzira ku ISCISA, sukulu ya ukachenjede ya za umoyo ku Maputo. Ndi ochepa ndipo amapezeka m'zipatala zikuluzikulu, nde giya ija ndiyofunika

Achimwene a ku Calómuè: Bwanji osangomuwolotsa? Dedza ndi pafupi kuposa Tete. Ku Malawi kuli koleji ya Montfort ku Nguludi imene imaphunzitsa aphunzitsi a ana ovutika kuphunzira, ndipo masukulu ena ali ndi chipinda chawochawo cha ana otere. Kuwerenga amayamba ndi Chichewa. Ana ambiri a m'malire muno amaphunzira tsidya ilo

NaJere (Chingodzi): Akabwerako adzalemba mayeso ati? Kumeneko ndi Chichewa ndi Chingerezi, Chiputukezi kulibe. Komanso chaka chawo chimayamba September ife February, mwana adzataya miyezi pakati

Achimwene a ku Calómuè: Sindikunena kusamuka kwenikweni, ngakhale kupeza mphunzitsi mmodzi wa tsidya ilo woti azimuona Loweruka

Make Yami (Ulongwe): Loweruka ndi tsiku limene msika umagwira achimwene, ndikalisiya ndiye tidya chani. Apa ndi pamene mutu wanga waima. Sukulu amalowa 12:30 kutuluka cha m'ma 5, akafika kunyumba watopa, dzuwa lalowa, magetsi kwathu kulibe timadalira tochi ya foni. M'mawa ine 6 koloko ndanyamuka, iye amatsala akutulutsa mbuzi ndi kutunga madzi. Lamulungu tchalitchi. Ndikamuika pati munthu wothandizayo ngakhale nditamupeza?

Aphunzitsi a ku Tsangano: Apa ndi pamene makolo ambiri amagwera, osati posowa katswiri. Ndikuuzeni zimene ndaona. Mwana amene amapita kwa munthu wodziwa kwambiri kamodzi pa mwezi maola atatu, ndi mwana amene amakhala ndi munthu wamba woleza mtima mphindi 20 masiku anayi kapena asanu pa sabata, wachiwiriyu ndi amene amasuntha. Mutu wa mwana wotere umatopa msanga ndi zilembo, ikapitirira theka la ola mukungothira madzi mu dengu. Nde ulendo wa ku Tete ndi woti akamuyeze ndi kukupatsani njira, mwina kubwererako pakatha trimestre (teremu), koma ntchito yeniyeni ili pa khonde panu. Ndipo nthawi yake ikhale imodzimodzi tsiku lililonse, m'mawa ali ndi mphamvu atamwa phala, osati usiku. Poti amalowa masana ndiye mwayi wanu ndi umenewo. Funso ndi lakuti ndani ali pa mudzi 7 koloko amene amadziwa kuwerenga ndipo sapsa mtima

Make Yami (Ulongwe): Ine ndimapsa mtima ndisaname. Ndikamuuza kachitatu mawu amakwera okha

Mano Jo (Moatize): Kwathu vuto ndi ma turno, sabata ino ndili usiku sabata ya mawa masana, ndondomeko iliyonse imafa pa sabata yachiwiri. Ndipo kuno October ikafika kutentha kopitirira 40, masana mwana sangagwire kanthu, nde ndaganiza zomuuza mayi ake kuti zikhale 6 koloko m'mawa zivute zitani, ine ndikhalepo kapena ayi

Agogo a Mvano (Lifidzi): Kodi aphunzitsi opuma ntchito anatha ku Ulongwe? Ku tchalitchi kwanu funsani. Ife akale tinaphunzitsidwa ndi a e i o u yemweyo pa mchenga, zimene akunena aphunzitsi a ku Tsangano si zachilendo kwa ife

Aphunzitsi a ku Tsangano: Agogo mwalasa. Koma mayi a Yami amene mungamupeze mumuyese kaye, ngakhale akhale wa imvi. Mufunseni tsiku loyamba adzachita chani. Akati adzamupatsa zokopera kapena adzamuthandiza TPC (ntchito ya ku sukulu yochitira kunyumba), thokozani nkuchoka. Akati ayamba waona maliwu amene mwana akudziwa ndi amene sakudziwa, ameneyo ndiye. Mukhalepo nokha tsiku limodzi muone ngati mwana akuyankhula kwambiri kuposa mphunzitsi. Gulu lisapitirire ana atatu. Mugule kaderno imodzi yoti azilembamo tsiku, maliwu amene achita, ndi amene avuta, kuti mukapita ku Tete mukaonetse. Ndipo mugwirizane kuti pakatha masabata 6 mukhala pansi kuona ngati pali kusintha, osangolipira mwezi ndi mwezi ngati muja

Bambo a Chiko (Furancungo): Nanga nthawi yokolola ndi yobzala? Kuno ana amasowa sukulu ikafika nthawi ya fodya

Aphunzitsi a ku Tsangano: Zitsekerero zimalowa m'thumba bambo, ku munda zimafika. Chimene ndimaopa ine ndi holide yaikulu ya December ndi January, mwana wotere akakhala miyezi iwiri osagwira chilembo February timayambiranso pansi. Ngakhale mphindi 10 pa tsiku nthawi imeneyo

Make Yami (Ulongwe): A gulu ndinasowa, pepani, ndabwera ndi nkhani. Papita masabata 7. Ku chipatala tinapita, maso ndi makutu ali bwino. Kalata a pedagojiko analemba, ili ku distritu, tikudikira tsiku la ku Tete. Agogo a ku Lifidzi Mulungu akudalitseni, ku tchalitchi ndinapeza amayi ena amene anaphunzitsa kalasi 1 zaka zambiri asanapume, amakhala kuseri kwa chigayo, ndinawawerengera mauthenga onse a aphunzitsi a ku Tsangano iwo nkumangogwedeza mutu akuti ndi zimene ankachita kale asanabwere mabuku atsopano. Tinagwirizana Lolemba, Lachiwiri, Lachinayi ndi Lachisanu, 7 koloko mpaka 7:30, Lachitatu amapita ku Mvano. Mbuzi akutulutsa mchemwali wake masiku amenewo, anadandaula koma ndinamugulira sapato. Ndikuwapatsa 300 ndi ndowa ya mbatatesi pa mwezi. Sabata yoyamba mnyamata anathawa kawiri, kuzizira kwa June kunonso mukukudziwa, chala pa mchenga 7 koloko sichifuna, nde amayiwo anasintha akulembera pa ufa mu lichero m'khitchini pafupi ndi moto. Pano ali ndi zitsekerero 35 mu chitini cha mkaka, amagona nacho kumutu. Dzana tikudutsa pa msika waima pa chikwangwani china nkuyamba ma... ka... la, makala! wakuwa mpaka wogulitsayo anadzidzimuka kuganiza kuti tikufuna kugula. Buku la kalasi 4 sakuwerengabe, ndisakunamizeni, ndipo d sanafikepo

Aphunzitsi a ku Tsangano: d asathamangire. Auzeni amayiwo b akhale yekha mpaka azimulemba osaganiza. Kadernoyo akulemba?

Make Yami (Ulongwe): Akulemba tsiku lililonse. Chinanso, abambo ake masiku awiri apitawa anamuperekeza okha akuti kuli agalu panjira, ndipo sanabwerere msanga, mtsikana akuti anawaona atakhala pa mpando panja pa khitchinipo chipewa chili m'manja. Ine sindinawafunse kanthu

Mano Jo (Moatize): Musawafunse ndithu

NaJere (Chingodzi): Tsiku la ku Tete likadziwika mundiuze mana, mudzagone kwathu musalipire pensau (nyumba yogona alendo). Mubwere ndi shapa ya m'mawa kwambiri kuti mufike dzuwa lisanakwiye, mwana wa ku Angónia kutentha kwa kuno adzalira

Bambo a Chiko (Furancungo): Aphunzitsi zitsekererozo mumalemba ndi maka yanji yosafufutika? Ndayesa ndi cholembera wamba zikuchoka. Ndipo za Fanta ndi za mowa zonse zimagwira kapena

Aphunzitsi a ku Tsangano: Maka yakuda ija amalembera pa matumba a fodya. Tengani za pulasitiki za mabotolo a madzi, zachitsulo zimachita dzimbiri ndipo zimacheka ana. Mavawelo mulembe pa zofiira, enawo pa zoyera kapena zabuluu, mukasowa zofiira funsani ku baraka akusungireni